Matenda a mu Lusaka amadutsa pansi pa mipanda

Ku Longacres, mumsewu wa Haile Selassie, kuli Ndeke House, likulu la Unduna wa Zaumoyo wa dziko la Zambia. Chapafupi, mumsewu wa Alick Nkhata, kuli maofesi a United Nations, ndipo chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital sichili patali. Misewu ndi yaphula, mitengo ndi ikuluikulu, nyumba zinabisika m'mipanda ya mabuloko yokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Koma msewu womwewo wa Alick Nkhata mukautsata cha kum'mawa, simuyenda makilomita ambiri musanafike ku Kalingalinga, kenako ku Mtendere. M'mamawa uliwonse dzuwa lisanakwere, mumsewumu mumakhala mzere wa anthu oyenda pansi: amayi ogwira ntchito m'nyumba, abambo osamalira maluwa, ogulitsa masamba ndi tomato atasenza mabeseni, alonda akuweruka atapinda zikhoti zawo m'khwapa. Anthu amenewa amaphika, amachapa, amalera ana ndi kulondera kumayadi, madzulo nkukagona kukomboni. Lusaka ndi mzinda umodzi ngakhale unamangidwa ngati mizinda iwiri, ndipo mfundo ya nkhani ino yagona pomwepo: zinthu zikuluzikulu zimene zimasunga kapena kuwononga thanzi la munthu mumzinda uno sizili m'manja mwa munthu payekha, choncho kuzithetsa kumafunika kuyambira kumene zikuchokera, osati pakhomo la aliyense.

Masiku ano nkhani ya thanzi ikamakambidwa pa wailesi, imakonda kuloza munthu payekha. Chepetsani mchere ndi shuga, yendaniko pang'ono, siyani fodya, kayezetseni BP. Malangizowa ndi oona. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo anthu amene amathamanga m'misewu ya Kabulonga ndi Woodlands m'bandakucha akuchita chinthu chanzeru. Koma malangizo otere amagwira ntchito kwa munthu amene zinthu zoyambirira anazipeza kale: madzi amene akumwa ndi abwino, zimene wasiya kuchimbudzi zapita kumalo kumene sizingamubwerere, mvula ikagwa madzi ali ndi kolowera. Zitatuzi palibe amene angazikonze yekha, ngakhale akhale waukhondo chotani, ndipo mu Lusaka zitatuzi zimakumana pansi pa nthaka.

Mbali yaikulu ya mzindawu, makamaka kumwera ndi kumadzulo, inakhala pa thanthwe la mtundu wa laimu lotchedwa dolomite. Thanthweli limasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, moti pa zaka zikwizikwi linang'ambika ming'alu ndi mapanga. Mkati mwake muli ngati chulu cha chiswe, njira zolumikizana paliponse. Ubwino wake ndi woti limasunga madzi ambiri, ndipo pafupifupi theka la madzi amene kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation imagawa limachokera m'zitsime zobowola ndi makina mumzinda momwemu, pamene otsalawo amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Kafue, pa Iolanda, mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Kuipa kwake ndi koti silisefa. Kumene kuli dothi lakuya la mchenga kapena dongo, zonyansa zochokera m'chimbudzi zimatsika pang'onopang'ono ndipo tizilombo tambiri timafera m'njira. Pa dolomite dothi ndi lochepa, penapake thanthwe limaonekera pamtunda, ndiye zonyansa zikapeza mng'alu zimayenda mofulumira, mtunda wautali, osafunsa kuti puloti iyi ndi ya yani. Nyengo ya mvula madzi a pansi amakwera mpaka kutsala pang'ono kufika pamtunda, ndipo m'madera otsika monga Kanyama amafika ndithu.

Kuti anthu ambiri chonchi apezeke akukhala pamwamba pa thanthwe lotere opanda mapaipi a suweji, mbiri ndiyo ingafotokoze. Mu 1931 boma la atsamunda linaitana katswiri wokonza mizinda, Stanley Adshead, kuti ajambule likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Mzinda wojambulidwawo unali wa mapuloti aakulu ndi mitengo, wokonzera azungu ndi akuluakulu a boma, cha kumtunda kwa Ridgeway kumene Longacres anadzakulira. Munthu wakuda ankatengedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito amene tsiku lina adzabwerera kumudzi. Timanyumba tozungulira timene tinasungidwa ku Kabwata Cultural Village ndi umboni wake, chifukwa tinamangidwira amuna okhala okha, opanda mabanja. Amene sanapeze malo m'nyumba za boma anamanga m'mafamu ndi m'malo okumba miyala a azungu, ndipo makomboni ena monga George ndi John Laing anatengera maina kwa eni malowo. Ufulu utabwera mu 1964, mzindawu unali ndi anthu osafika 200,000. Malamulo oletsa kulowa mutauni atachoka, anthu anakhamukira kuno. Lamulo la 1974 linavomereza makomboni ambiri kuti ndi malo okhalamo anthu, koma mapaipi sanatsatire anthuwo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka. Pafupifupi anthu 70 mwa 100 alionse amakhala kumakomboni, ndipo amene nyumba zawo zinalumikizidwa ku mapaipi a suweji sakwana ngakhale mmodzi mwa asanu. Ena onse, olemera ndi osauka omwe, zonyansa zawo amazisiya m'nthaka ya pakhomo pawo.

Taganizirani bwalo limodzi la ku Kanyama mwezi wa Januwale. Mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi akuchita lendi zipinda zoyang'anizana, onse chimbudzi chawo ndi chimodzi. Pokumba dzenje lake anakumana ndi thanthwe asanafike patali, ndiye analikweza m'mwamba ndi mabuloko, munthu amachita kukwera masitepe. Masitepe angapo kuchoka pamenepo pali chitsime chosaya chovundikira ndi lata lakale, chigubu chodula pakamwa chitamangiriridwa ku chingwe. Madzi a pachitsimepo amaoneka oyera ndipo ndi aulere, pamene a pakiyosiki ndi ogula pa chigubu, pamzere, ndiponso satuluka nthawi zonse. Mvula ikagwa usiku wonse, madzi amadzaza bwalo mpaka m'akakolo, dzenje la chimbudzi limasefukira, ana nkumapita kusukulu akuponda pa miyala yondandalika. Kachilombo ka kolera sikafuna zambiri kuposa apa. Kamalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako, ndipo ambiri amene ali nako sadwala nkomwe koma amakatulutsa kwa masiku angapo. Amene kamugwira mwamphamvu amatsegula m'mimba madzi okhaokha, ndipo akhoza kufa tsiku lomwelo chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Chomvetsa chisoni nchakuti mankhwala ake ndi osavuta: madzi a moyo, aja a mchere ndi shuga, ndi diripi kwa amene wafooka kwambiri. Odwala akalandira thandizo msanga, amene amamwalira sakwana mmodzi pa 100 alionse.

Zimene zimachitika nthaka ikabweza zimene tinaipatsa, anthu a mu Lusaka anaziona kawiri m'zaka zochepa. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka ku komboni ya Chipata nkufalikira ku Kanyama ndi kwina. Pofika Meyi 2018 anthu pafupifupi 5,900 anali atadwala m'dziko lonse, 114 atamwalira, ambiri mwa iwo a mu Lusaka. Pulezidenti Edgar Lungu anatumiza asilikali kukayeretsa pakati pa tauni, mavenda anachotsedwa m'misewu, misonkhano inaletsedwa, ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku ndipo kunabuka zipolowe. Mu 2018 momwemo dziko la Zambia linali patsogolo pokankha chigamulo cholimbana ndi kolera ku msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kenako linadziikira malire akuti pofika 2025 likhale litathetsa matendawa. Mu Okutobala 2023 kolera inabweranso, yoopsa kuposa kale. Odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala monga linachitira mu 2018, ndipo sukulu za m'dziko lonse zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024, mochedwa ndi masabata asanu. Ku Malawi nako, mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700. Kolera imamveka chifukwa imapha mwachangu, koma madzi omwewo chaka chonse amabweretsa taifodi ndi kutsegula m'mimba kwa ana, kumene kumathandizira kuti mwana apinimbire. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Imeneyi ndi ngozi imene siitanitsa asilikali, koma imalanda mwana msinkhu ndi nzeru za kusukulu.

Pali amene amati vuto ndi khalidwe la anthu. Amaloza ngalande zodzaza mabotolo ndi mapepala a pulasitiki, amaloza munthu wodya chimanga chootcha osasamba m'manja, nkunena kuti boma lingamange chotani, anthu osasamala adzadwalabe. Mawuwa ali ndi choonadi chake ndipo sitiyenera kuwanyoza. Kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsegula m'mimba, kuthira mankhwala oyeretsa madzi a Clorin m'chigubu kwapulumutsa mabanja ambiri, ndipo wotaya zinyalala m'ngalande akulakwira anzake. Koma maganizowa amalephera kuyankha funso limodzi: chifukwa chiyani miliri imayambira ndi kukulira m'madera omwewomwewo, Kanyama, Chipata, George, Chawama, Matero? Kodi anthu osasamala onse anapangana zokhala kumadzulo, kumpoto ndi kumwera kwa mzinda? Mayi amene amasunga nyumba ya ku Kabulonga ili mbee ndi yemweyo amene madzulo amakatunga pachitsime chosaya. Ukhondo wake sunasinthe panjira, chasintha ndi mpopi. Ofufuza amene anayerekeza mapu a odwala kolera ndi mapu a ngalande mu Lusaka, nkufalitsa zotsatira zawo mu 2009, anapeza kuti kumene ngalande zinali zochepa ndi kumene odwala anachuluka. Ku London nako zinali choncho. Mu 1854 dokotala John Snow anasonyeza kuti odwala ambiri a m'dera lina ankamwa pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad, ndipo mliri womaliza wa mumzindawo, wa 1866, unagwa kum'mawa kumene mapaipi atsopano a suweji a injiniya Joseph Bazalgette anali asanamalizidwe. Anthu a ku London sanasanduke aukhondo usiku umodzi. Anawamangira njira yoti zonyansa zisakumane ndi madzi akumwa.

Ena angatsutse kuchokera mbali ina, kuti ngati zili choncho ndiye nkhaniyi ndi ya kukomboni, a ku Longacres ndi Woodlands isawasowetse tulo. Nzoona kuti kolera sigwira kumayadi monga imagwirira ku Kanyama, ndipo kunena kuti ngozi ndi yofanana kungakhale kunama. Koma chitetezo cha kumayadi ndi chopyapyala kuposa m'mene eni ake amaganizira. Madera akale ena ali ndi mapaipi a suweji, koma nyumba zambiri zatsopano za ku Chalala, Ibex Hill ndi kupitirira Chelstone zimadalira thanki ya septic ndi dzenje lomwetsa madzi ake m'nthaka, ndipo chifukwa madzi a kampani sadalirika, mwini nyumba amabowolanso chitsime pa puloti yomweyo. Malangizo a zaumoyo amati pakati pa chitsime ndi dzenje la zonyansa pakhale mamita osachepera 30. Pa puloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali zimenezi nzovuta kwambiri, ndipo ngakhale mwini atayesetsa, thanki ya woyandikana naye ili kuseri kwa mpanda, mwina mamita asanu okha kuchokera pachitsime chake. Madziwo amakwera mu thanki yobiriwira ya pamwamba pa nsanja, amatuluka pampopi wonyezimira wa m'khitchini, ndipo mabanja ambiri sanawayezetsepo chibowolereni chitsimecho. Komanso mliri ukabuka sufunsa adiresi pa zina zonse. Sukulu zinatsekedwa kwa mwana wa aliyense, malonda a pakati pa tauni anaima, anamwino ndi madokotala anachotsedwa m'mawodi ena kupita ku bwalo la mpira, ndipo saladi wa pa tebulo la ku Kabulonga anadutsa ku msika wa Soweto monga wa wina aliyense. Nkhaniyi ikuwakhudza a ku Longacres pa chifukwa chinanso: amene amalemba bajeti, amene amavomereza mapuloti ndi amene amasaina ngongole za chitukuko ambiri amagwira ntchito kapena kugona m'madera amenewa. Ku London ndalama za suweji zinavomerezedwa mu 1858, fungo la mtsinje wa Thames litalowa m'nyumba ya malamulo momwe.

Mliri uli pakati mu Januwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analangiza anthu amene alibe chochita chenicheni mutauni kuti aganizire zobwerera kumidzi, kumene kuli malo ndi madzi abwino. Kuthithikana kumafalitsadi matenda, ndipo kutukula midzi ndi matauni aang'ono kungachepetse katundu wa Lusaka m'tsogolo. Koma anthu ambiri a ku Kanyama ndi Chawama anabadwira komweko, makolo awonso chimodzimodzi, ndipo chaka chomwecho cha 2024 chilala chinapsereza minda mpaka boma linalengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse. Maganizo akuti wokhala kukomboni ndi mlendo amene adzachoka ndi omwe aja anachititsa kuti mapaipi asaikidwe poyamba paja. Kuthamangitsa mavenda nakonso kumayeretsa msewu wa Cairo ndi wa Lumumba kwa miyezi ingapo, kenako anthu amabwerera chifukwa njala sinachoke, ndipo amabwerera kumalo kumene zimbudzi za aliyense ndi mipopi zikadali zoperewera.

Katemera ndi wothandiza, ndipo wa kolera, womwa pakamwa, anaperekedwa kwa anthu ambiri mu Lusaka pa miliri yonse iwiri. Koma mphamvu yake imatha pakapita nthawi, ndipo padziko lonse wakhala wosowa, moti kuyambira mu Okutobala 2022 mabungwe omugawa anayamba kupereka kamodzi m'malo mwa kawiri. Katemera amagula nthawi, sasintha madzi. Chotsutsa cholemera kwambiri ndi ndalama, ndipo ichi nchofunika kuchiyang'ana m'maso. Kukumba ngalande ndi kuika mapaipi m'thanthwe, m'madera amene nyumba zinamangidwa mopanda mizere, ndi ntchito yodula zedi, ndipo dziko la Zambia linalephera kubweza ngongole zake zakunja mu Novembala 2020. Thandizo la dziko la America la madola pafupifupi 355 miliyoni, limene linagwira ntchito kuyambira 2013 mpaka 2018 ndi kumanga ngalande yaikulu ya Bombay, silinafike pena paliponse, ndipo pulogalamu ya Lusaka Sanitation imene inayamba mu 2015 ndi ndalama za World Bank ndi mabanki ena nayonso sikanatha kufikira nyumba iliyonse. Komabe kusamanga nako kuli ndi mtengo wake. Kafukufuku wa World Bank wa 2012 anawerengera kuti kusowa kwa zimbudzi zabwino kumatayitsa dziko la Zambia madola 194 miliyoni chaka chilichonse, kudzera mu imfa, mankhwala ndi masiku a ntchito otayika. Ndalamazo zikulipiridwa kale, kungoti akulipira ndi mabanja, m'maliro ndi m'zipatala, m'malo moti zilembedwe m'bajeti.

Ndiponso si zonse zofunika zimene zimadikira suweji ya mzinda wonse. Ku Kanyama ndi ku Chazanga, mabungwe a madzi a m'maderamo anayambitsa magulu ovomerezeka opopa zimbudzi. Amuna ovala magambutsi, magulovu ndi zotseka pakamwa amabowola m'mbali mwa dzenje, amatunga zonyansa kuthira m'migolo ya pulasitiki yotseka, nkuikankha pa ngolo kudutsa m'tinjira timene galimoto singalowe, mpaka kumalo okonzera. Ntchito imeneyi anthu amainyoza, koma poyerekeza ndi chizolowezi chakale chokumba dzenje lina pambali nkukhuthuliramo usiku, ndi ntchito ya zaumoyo yofanana kulemera ndi ya kuchipatala, ndipo ikuyenera malipiro ndi ulemu wotere. Chimbudzi chomangidwa ndi simenti mkati kuti chisadonthe, chopopedwa pa nthawi yake, chimateteza madzi a pansi ngakhale paipi isanafike. Kiyosiki imene madzi ake ali ndi klorini wokwanira ndipo amatuluka tsiku lonse pa mtengo wotsika imatseka chitsime chosaya bwino kuposa lamulo, chifukwa kukwirira zitsime popanda kupereka madzi ena kumangochititsa anthu kukumba zatsopano. Kumayadi nako kuli ntchito. Kuyambira 2018 bungwe loyang'anira madzi la WARMA lili ndi mphamvu zolembetsa zitsime zobowola ndi kupereka zilolezo, ndipo mphamvuzo zikhale zoyezera madzi ndi kukana chitsime chimene chayandikana ndi thanki ya septic, zisathere pa kutolera ndalama. Malo amene madzi a mvula amalowera pansi, monga nkhalango ya Forest Reserve 27 kum'mawa kwa mzinda imene mbali zake zinagawidwa mapuloti, ndi gawo la chitetezo cha thanzi ngakhale sali pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Chimodzimodzi mtsinje wa Kafue: mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linagumuka nkutayira asidi mumtsinje, mzinda wa Kitwe nkutsekeredwa madzi, ndipo Lusaka amamwa mtsinje womwewo cha kumunsi.

Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ku Kanyama, kumene kunasefukira koopsa kale mu 1978, aliyense amadziwa nyumba zimene zidzalowe madzi mvula ikadzayamba. Ngozi yodziwika malo ake ndi mwezi wake ndi yotheka kuikonzekera. Nthawi yopopa zimbudzi, yofukula ngalande ndi yokonza makiyosiki ndi Juni mpaka Okutobala, nthaka ili youma, pamene nkhani ya kolera palibe amene akuikamba. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zochita nalo zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, kumene munthu wamba ali ndi ufulu wokafunsa kuti zingati zapita ku madzi ndi zimbudzi. Khonsolo ya mzinda, kampani ya madzi ndi Zambia National Public Health Institute amayeza madzi. Zotsatira zake zizimatidwa pa zipatala zazing'ono ndi m'misika mwezi ndi mwezi, wodi ndi wodi, kuyambira Kanyama mpaka Kabulonga, kuti mayi wotunga pakiyosiki ndi bambo wa chitsime chake cha kuseri kwa nyumba onse adziwe chimene akumwetsa ana awo mvula isanagwe.